Mchenga kapena galasi lokhalokha? Mafunso a pa Egodini okhudza thanki ya nsomba

Loweruka lina masana ndinakumana ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, pa Egodini, pomwe timakwerera makombi a ku Luveve, Pumula ndi Nkulumane. Anali atakhalira thumba la mchenga woyera mbee, thukuta lili kamukamu, akukangana ndi kondakitala amene ankati thumbalo lilipire mpando wakewake. Mchengawo sunali womangira nyumba. Mnyamatayu anaonera pa YouTube mathanki a nsomba za m'nyanja yamchere, okhala ndi makorali amitundumitundu, mtima n'kugwa pomwepo. Thanki yagalasi anali atagula kale kwa munthu wina amene ankasamukira ku Joni. Koma usiku wathawo anaonanso kanema wina wonena kuti akatswiri anasiya kuika mchenga pansi pa thanki, ndiye tulo sanatione, poganiza kuti wataya ndalama.

Ine ndaweta nsomba m'galasi zaka zambiri, makamaka za ku nyanja ya kwathu ku Malawi, kumene bambo anachokera asanabwere kudzagwira ntchito ya njanji kuno ku Bulawayo. Kombi inachedwa kudzaza, choncho tinacheza. Mafunso ake ndi awa, pamodzi ndi ena amene anapitiriza kunditumizira pa WhatsApp sabata yonse yotsatira.

Malume, kodi mchengawu uli ndi ntchito, kapena ndi wongokongoletsa?

Uli nayo, mphwanga, ndipo yambiri siioneka ndi maso. Nsomba ikadya imatulutsa amoniya m'madzi, ndipo amoniya ndi poizoni. M'nyanja amasungunuka n'kutayika m'madzi ochuluka, koma m'thanki alibe kolowera. Amene amapulumutsa nsombazo ndi mabakiteriya: ena amasandutsa amoniya kukhala naitiraiti, amenenso ndi poizoni, ena n'kusandutsa naitiraitiyo kukhala naitireti, amene nsomba zimampirira ndithu akakhala wochepa. Mabakiteriyawa sayandama m'madzi, amafuna pomata. Kambewu kalikonse ka mchenga ndi malo awo, ndiye taganiza kuchuluka kwa malo m'thumba wakhaliralo.

M'thanki yamchere yokhazikika, mchenga umadzazanso ndi tinyongolotsi, tinkhono ndi tizamoyo tina tosaoneka bwino, timene timadya zotsalira, tokha n'kukhala chakudya cha nsomba. Komanso mchenga woyera umabweza kuwala kwa nyale, makorali n'kumalandirako kuwala ndi kunsi komwe.

Vuto ndi lakuti mchenga womwewo ndi nkhuti. Chakudya chimene nsomba zaphonya, chimbudzi chawo, ndere yakufa, zonse zimalowa pakati pa timbewuto n'kumaolera momwemo. Zikaola zimatulutsa naitireti ndi fosifeti, zomwe zija mlimi amagula m'thumba la feteleza. Ndere ikazipeza imakondwa ngati chimanga cha pachulu. Pamwamba mchenga uli mbee, koma paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Ndiye amene amauchotsawo amafuna kuthawa litsiro basi?

Litsiro, komanso kuti madzi athamange. Uyenera kudziwa kaye kuti korali si mwala kapena chomera. Ndi tinyama ting'onoting'ono tokhala pamodzi, ndipo mitundu ina imadzimangira chigoba cha laimu. Makorali olimba a nthambi, monga Acropora, kwawo ndi pamwamba pa matanthwe pomwe mafunde amamenya usana ndi usiku, m'madzi oyera kwambiri. Woweta amenewa amaika mapampu amphamvu kuti madzi azizungulira mwaukali. Ukatero pamchenga wosalala, umauluka ngati fumbi la mu Okutobala, n'kukagwera pa makorali omwewo, kwinaku ukuunjikana pakona imodzi, pakati pa thanki patayera.

Popanda mchenga pampu umaitsegula mmene ukufunira. Zinyalala sizipeza pobisala. Zimayandama mpaka zitakokedwa ndi sefa kapena chipangizo chotchedwa skimmer, chimene chimapanga thovu lonyamula litsiro n'kulitayira m'kapu. Zotsala zimasonkhana pamalo amodzi poonekera, iwe n'kuzikoka ndi paipi m'mphindi ziwiri. Ntchito ya mabakiteriya imatsalira miyala yamabowomabowo imene umaunjika m'thankimo. Kudalira miyala ndi skimmer chonchi kunatchuka ndi oweta a mumzinda wa Berlin m'zaka za m'ma 1970, ndipo mpaka lero njirayi imatchedwa ndi dzina la mzindawo.

Zovuta zake zilipo. Thanki yopanda mchenga imachedwa kukhazikika, ndipo miyezi yoyambirira madzi amasinthasintha msanga chifukwa mabakiteriya ndi ochepa. Kwa ine imaonekanso ngati chipinda cha kuchipatala, ngakhale pakapita nthawi ndere yolimba yofiirira imakuta galasi lapansilo, maonekedwe n'kusinthako. Ndipo mwala ukagubuduzika umagwera pagalasi penipeni. N'chifukwa chake ena amayala kaye pulasitiki yolimba pansipo.

Wina akuti mchenga ukhale wochepa, wina akuti wakuya. Akunena zoona ndani?

Onse awiri, koma akukamba zinthu zosiyana. Mchenga wochepa, wa masentimita 2 kapena 3, mpweya umalowa mpaka pansi, ndipo umatha kuuvundula ndi paipi yokokera nthawi iliyonse ukamasintha madzi. Wakuya, wa masentimita 10 kupita m'tsogolo, umagwira ntchito ina. Pansi pake mpweya wa okosijeni sufika, ndipo pamalo otere pamakhala mabakiteriya amtundu wina amene amaphwanya naitireti n'kumusandutsa mpweya wa naitirojeni, umene umangotuluka m'madzi. Kunena kwina, mchengawo umadzichotsera wokha feteleza uja. Katswiri wa ku France, Jean Jaubert, amene anadzatsogolera nyumba yotchuka ya zamoyo za m'nyanja ku Monaco, anapanga njira yoyala mchenga wokhuthala pamwamba pa kampata ka madzi osayenda, pofuna zomwezi.

Koma mchenga wakuya saugwiragwira. Ukakalamba, kapena tinyama toufukula tikafa, m'kati mwake mumachita mawanga akuda, momwe mumapangika mpweya wonunkha ngati dzira lovunda. Mpweya umenewu ndi wakupha. Ine ndinaphunzira ndi misozi, ngakhale thanki yanga inali ya madzi opanda mchere. Ndinali nditathira mchenga wambiri kumbuyo kuti pakhale kaphiri kokongola, ndipo zaka ziwiri sindinakakhudze. Tsiku lina ndinafuna kusuntha mwala waukulu umene unazama m'kaphiriko. Nditangouzula, panatuluka thovu ndi mtambo wakuda bii, fungo n'kudzaza pabalaza mpaka mayi a kunyumba anatsegula mawindo onse. Pofika madzulo nsomba zinayi zinali zitayandama chagada, imodzi ili ndi mazira m'kamwa.

Kuya koipitsitsa ndi kwapakatikati, masentimita 5 mpaka 7: n'kwakukulu moti sungakuyeretse bwino, koma n'kochepa moti ntchito ya mchenga wakuya sikuigwira mokwanira.

Uwerengerenso kulemera. Thanki yako ndi ya masentimita 120 m'litali ndi 45 m'lifupi. Kuti uyale masentimita 3 ufunika mchenga wa malita 16, umene ndi makilogalamu pafupifupi 24. Masentimita 10 ndi malita 54, makilogalamu cha m'ma 80. Onjezapo madzi oposa malita 200, miyala ndi galasi lenilenilo. Kabati ya m'sitolo ya mipando sinapangidwire katundu wotere.

Pali nsomba zimene sizingakhale popanda mchenga?

Zilipo, ndipo funso limeneli ndi limene unayenera kuyamba nalo usanagule chilichonse. Nsomba zina za mtundu wa wrasse, monga za gulu la Halichoeres, dzuwa likalowa zimadumphira mumchenga n'kugona m'menemo, ndipo zikadzidzimuka zimathawiranso momwemo. Pagalasi zimadzivulaza pakamwa poyesa kukumba. Ma goby ena amakhalira kubwira mchenga, kusefa tizakudya, n'kuutulutsira m'mbali mwa mutu. Jawfish imakumba una wake n'kuumangira ndi timiyala, ndiye imafuna mchenga wakuya ndithu. Koma clownfish, ija ya mizere yoyera imene ana amaidziwa chifukwa cha filimu ya Finding Nemo, mchenga ilibe nawo ntchito.

Ena amadula pakati: thanki yopanda mchenga, koma pakona n'kuikapo kabakuli ka mchenga kuti wrasse izigonamo. Zimatheka, ngakhale m'mawa uliwonse umapeza mchengawo utamwazikira kunja.

Nanga ndi magetsi ndi madzi a kuno, chabwino n'chiti?

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo anthu a m'makanema ako saikamba chifukwa kwawo magetsi sazima. Thanki ya makorali imapuma ndi pampu. Magetsi akazima madzi amaima, mpweya n'kuyamba kutha. Amene akuupuma si nsomba zokha. Mabakiteriya onse a mumchenga nawonso akupuma, ndiye mchenga ukachuluka ndi litsiro lake, mpweya umatha msanga. Kuzima kwa maola 10 kapena 12, kumene tonse takuonapo kuno, n'kokwanira kupha thanki yodzaza. Yopanda mchenga imapirirako pang'ono pa mbali imeneyi, koma nayo moyo wake wonse wagona pa mapampu amphamvu aja. Usanagule nsomba ngakhale imodzi, gula kapampu ka mpweya koyendera batire, ndipo ngati ukulimbikira za makorali, inveta kapena sola si chinthu chosankha. Usaiwale chisanu. Bulawayo ali pamtunda wa mamita oposa 1,300, ndipo usiku wa mu Juni ndi Julayi kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10, pamene makorali amafuna 24 mpaka 26 osasinthasintha. Hita ndi imene imamaliza batire.

Za madzi ukuzidziwa wekha. Mu 2020, madamu a Umzingwane ndi Ncema ataphwa ndi chilala, mipopi ya mumzinda muno inkatsekedwa maola 144 pa sabata, kutanthauza masiku asanu ndi limodzi mwa asanu ndi awiri. Tsono thanki yamchere siilandira madzi a pampopi mmene alili. Amayenera kudutsa m'makina osefera a RO, ndipo makina ang'onoang'ono a panyumba amataya malita atatu kapena anayi kuti akupatse lita imodzi yoyera. Kenako usungunulemo mchere wopangidwira ntchito imeneyi, osati wa m'khitchini, magalamu 35 pa lita iliyonse. Kudzaza malita 200 ndi makilogalamu 7 a mchere, ndipo chigubu chilichonse cha malita 20 chimene uzisinthira madzi chimadya magalamu 700. Mchere umenewu ndi wochokera kunja, ndipo umagulidwa ndi madola.

Ukaziika pamodzi zonsezi, kwa munthu wa kuno amene walimbikira thanki yamchere, ine ndimati mchenga wochepa, masentimita 2, wokhuthalako timbewu take kuti usauluke, nsomba zochepa, ndi makorali ofewa amene sanyanyala msanga. Mchenga wakuya ndimaukana kwatunthu m'nyumba imene magetsi amazima. Galasi lokhalokha ndi la munthu amene ali ndi sola yokwanira ndipo cholinga chake ndi Acropora. Iwe sunafikepo.

Bwanji ndingokatapa mchenga kumtsinje, kapena kugula kwa amalole aja?

M'thanki yamchere ayi. Mchenga woyenera kumeneko ndi wa aragonite, wochokera ku zigoba za makorali ndi nkhono, umene ndi laimu. Wa kumtsinje kuno ndi wa miyala ya gulanaiti yoperepeseka, ndipo umabwera ndi dothi ndi zitsulo zimene sukuzidziwa. Kuyesa kwake n'kosavuta: tapa pang'ono pa supuni, uthirepo viniga. Wa laimu umachita thovu, wa kumtsinje umangokhala duu.

Chondiopsa kwambiri ndi golide. M'mitsinje yambiri yozungulira mzinda uno, makamaka chigawo cha Umzingwane, muli amakorokoza, anthu okumba golide, ndipo pokonza golide pamagwiritsidwa ntchito mekyule ndi sayanaidi. Wamalole sangakuuze kumene watapa mchenga wake. Ndipo pa zitsulo zija, kopa pang'ono chabe, amene nsomba zingampirire, amapha makorali ndi nkhono zonse.

Ndipo ukadzapita kukaona nyanja ku Vilankulo kapena ku Durban, usadzabwere ndi makorali m'chikwama. Zilumba za Bazaruto ndi malo otetezedwa kuyambira 1971, ndipo makorali olimba ali pa mndandanda wa pangano la CITES, moti kuwaolotsa malire popanda chilolezo ndi mlandu.

Inuyo malume, mukanakhala ine mukanatani?

Ndikanayang'ana kwathu. Azungu a ku Germany ndi ku America amene amafuna mitundu yowala ngati ya m'makorali koma osavutika ndi mchere amaweta nsomba za m'nyanja ya Malawi, pamene ife eni ake tikuthamangira za ku Indonesia. Nyanja ija ili ndi mitundu yoposa 700 ya nsomba za banja la chambo, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse padziko. N'chifukwa chake paki ya ku Cape Maclear, imene inakhazikitsidwa mu 1980, inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Malemu Stuart Grant anakhala zaka zambiri ku Kambiri Point, kufupi ndi Senga Bay ku Salima, akutumiza nsombazi zamoyo kumayiko akunja, ndipo ina mwa izo, Aulonocara stuartgranti, inatchedwa dzina lake. Lero zambiri zimene zimagulitsidwa m'masitolo n'zobadwira m'mathanki momwemo.

Ndipo ku nyanja kuja funso lakoli linayankhidwa kale ndi nsomba zenizenizo, chifukwa zinagawana malo. Mbuna ndi za m'miyala. Zimakhalira kupala ndere pamatanthwe ndi timano tawo, iliyonse ikulondera phanga lake, zabuluu, zachikasu, zamizeremizere. Zina ndi za pamchenga, ndipo zochita zake ukaziona sungafunenso filimu. Chisawasawa chimabwira mchenga n'kumasefa. Aulonocara imaima chilili pamwamba pa mchenga osagwedezeka, ikumvetsera ndi timabowo ta pansi pa mutu wake, ndipo kachilombo kakangosuntha pansipo imajompha kamodzi n'kukatulutsa. Chimbenje, chimene akatswiri amati Fossorochromis rostratus, khoka likamayandikira chimadzikwirira mumchenga, khokalo n'kudutsa pamwamba. Asodzi sanalakwitse pochipatsa dzina. Nsomba ina yabuluu yachipumi, Cyrtocara moorii, imangotsatira pambuyo pa zofukulazi n'kumatola zimene zavumbuluka, ngati nkhuku pambuyo pa wolima. Kaligono ndiye mthakati weniweni: amagona cham'mbali pansi ngati wafa, mawanga ake akuoneka ngati nsomba yoyamba kuola, tiana ta nsomba tikabwera kudzajompha, iye n'kutimeza.

Chambo chachimuna nachonso ndi mmisiri wa mchenga. Nthawi yoswana chimakumba dzenje lozungulira ngati beseni, kunyamula mchenga ndi pakamwa, kuti chachikazi chidzaikire mazira pamenepo chisanawatolere m'kamwa. Ndimaseka ndikakumbukira kuti dzina la pamalo tinakhalapa, Egodini, m'Chindebele likunena za kudzenje, ndipo mawu awo akuti umgodi ndi mgodi wathu womwewu. Agogo ako ambiri anabwera m'dziko lino kudzakumba migodi ya eni. Nsomba za kwawo nazo ndi zokumba.

Tsono nsomba zoterezi ukaziika pagalasi lokhalokha zimakhala ndi moyo ndithu, zimadya, zimakula, koma theka la khalidwe lake sudzaliona. Ngakhale mbuna, za m'miyala zomwezo, zimakonda kufukula pansi pa mwala kuti zikulitse phanga. Amene amachotsa mchenga ndi oswetsa nsomba zogulitsa, m'mathanki olerera ana, momwe amadyetsa kambirimbiri ndipo amafuna kukoka litsiro tsiku lililonse. Nanenso kathanki kanga ka ana n'kopanda mchenga. Yaikazi ikasunga mazira m'kamwa, pafupifupi milungu itatu osadya kanthu, ndimaisamutsira m'menemo kuti ikalavulire ana pamalo oyera.

Ubwino wina ndi wakuti nsombazi sizifuna RO kapena mchere wa madola. Madzi a pampopi ochotsedwa klorini amakwana, bola akhale a laimu pang'ono, pH yake cha m'ma 8 ngati ya kunyanja, ndi kutentha kwa madigiri 24 mpaka 27. Magetsi akazima, kapampu ka batire ndi bulangete lofunditsa thanki zimazipulumutsa usiku wonse. Zili ndi zovuta zake: mbuna ndi zandewu, ndiye yaimuna imodzi imafuna zazikazi zitatu kapena zinayi ndi miyala yambiri yobisalamo, ndipo ukazidyetsa zanyama kwambiri zimatupa mimba n'kufa, pakuti matumbo ake ndi a ndere. Chimodzi chokha ndikupempha: zikadzakukwana, usakazitaye mu damu. Ku Kariba nsomba ya Nile tilapia, imene inabwera ndi alimi a nsomba, yatsala pang'ono kumaliza mtundu wa chambo cha komweko.

Ndiye thumba ndagulali ndalakwitsa?

Sunalakwitse. Ndinalitsegula pakona tili pa Egodini pomwepo, n'kufikisa mchengawo pakati pa zala: ndi aragonite, timbewu tapakatikati, tosabaya. Ukapita ku makorali ukugwira ntchito. Ukapita ku mbuna ukugwiranso ntchito, chifukwa laimu wake amathandiza kuti madzi asawawase. Thumba limodzi la makilogalamu 10 likupatsa sentimita imodzi ndi kachidutswa m'thanki yakoyo, ndiye udzafunika lachiwiri, osapitirira apo.

Ukafika kunyumba uutsuke mu ndowa pang'onopang'ono mpaka madzi asiye kuoneka ngati mkaka, ndipo madzi otsukirawo usataye, akathirire masamba a mayi ako. Poika m'thanki, yamba ndi miyala, ikhale pansi penipeni, mchenga ubwere pambuyo kuzungulira miyalayo. Ukasanjika miyala pamwamba pa mchenga, mbuna idzafukula kunsi kwake usiku umodzi, mulu wonse n'kugumukira pagalasi. Ukatha apo dzaza madzi, yatsa sefa, uziponyamo kachakudya pang'ono, ndipo udikire milungu inayi kapena isanu ndi umodzi mabakiteriya aswane usanaikemo nsomba. Ndikudziwa kuti pamenepa ndi pamene udzandinyoze mumtima.

Kombi ya ku Luveve itadzaza, kondakitala sanagonje. Thumba lija linalipira mpando, ndipo ndalama yake inatuluka m'thumba mwa malume. Lachitatu lotsatira mphwangayo ananditumizira chithunzi cha thanki ili ndi miyala, mchenga ndi madzi otuwa, pansi pake atalemba kuti: "Malume, mbuna zachikasu zija za ku Nkhata Bay zimapezeka kuti kuno?"